A Chaputala ndi Chitseko Chosafika Kwawo

Ku Kawale mukafunsa za malemu a Gilford Kamzati, anthu amayang'anana. Koma mukati a Chaputala, ngakhale kondakitala wa minibasi amakulozerani nyumba. Bambo ameneyu ankadziwika ndi chinthu chimodzi. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi anatsatira nkhani imodzi ya m'mabuku a zithunzi a ku Japan, aja achinyamata amawatchula kuti manga, ndipo analumbira pamaso pa anthu kuti safa asanaone mapeto ake.

Dzinalo linabwera chifukwa ankatchula machaputala a nkhaniyo ngati mlaliki. Mukawadandaulira kuti makala akwera mtengo, ankati, "Zimenezo zili pa chaputala 212." Mukawauza kuti mwana wanu wathawa ndi mwamuna wa ku Biwi, ankati, "Chaputala 87. Koma uyo anabwerako."

Nkhaniyo inali ya mnyamata amene anadzuka tsiku lina n'kupeza mudzi wake wonse wasowa, patangotsala chitseko chachitsulo chili chiimire pabwalo. Anachibereka kumsana n'kuyamba kuzungulira dziko, kufunafuna nyumba imene chinachokera. Panjira ankamenyana ndi zigawenga, mafumu oipa ndi zilombo, chida chake chili chitseko chomwecho. Nkhani yonse ndi imeneyo, ndipo a Gilford ankafuna kuona tsiku limene chitsekocho chidzafike kwawo.

Amene anavutika kwambiri ndi nkhaniyi anali Che Abdullah, kalipentala wa ku Machinga amene shedi yake ili pafupi ndi msika. Che Abdullah ndi munthu wosaseka kawirikawiri ndiponso wosanama. Akati tebulo litha Lachiwiri, limathadi Lachiwiri, moti makasitomala atsopano ankabwera Lachisanu n'kupeza tebulo latuwa ndi fumbi. Pashedi pawo pali benchi yaitali, ndipo mbali imodzi ya benchiyo inali ya a Gilford popanda wowapatsa.

Zinayamba mu 2003, a Gilford akugwira ntchito yosankha fodya ku Kanengo. Tsiku lina masana anagula tchipisi pachiwaya, wogulitsa n'kuwakulungira m'pepala la zithunzi. Atatha kudya anayang'ana pepala lonona mafutalo. Panali munthu atabereka chitseko, kukamwa kuli yasa.

"Anzake a pepala ili ali kuti?" anafunsa.

Wogulitsayo anawaonetsa katoni ya mabuku asanu ndi anayi imene anaipeza pa katundu wa mzungu wina wobwerera kwawo. M'mawa mwake a Gilford anabwera ndi thumba la nyuzipepala zakale, n'kusinthana. Onse awiri anachoka akuganiza kuti apusitsa mnzawo.

Mabuku amenewa amayambira kumbuyo, ndipo zithunzi zake zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Tsamba lochenjeza za zimenezi linali litapita kale ndi tchipisi za anthu ena. Choncho a Gilford ankatsegula ngati buku lina lililonse, n'kumawerenga kuchokera kumapeto kubwerera koyambirira. Anachita zimenezi zaka zitatu, ndipo madzulo aliwonse akaweruka ankadzafotokoza pabenchi.

M'nkhani yawoyo mnyamata ankayamba ali ndi mabala thupi lonse, ndipo mdani akamumenya chibakera bala limodzi linkapola. Mdani wogona chafufumimba ankadzuka, n'kutukwana pang'ono, n'kubwerera kwawo ali bwinobwino. Mabwenzi ankayamba atsanzikana ndi misozi, kenako n'kufunsana mayina.

"Munthu angachire bwanji ndi chibakera?" anafunsa Che Abdullah.

"Kumeneko ndi ku Japan, Che Abdullah. Mankhwala awo ndi ena."

Amene anaulula zoona anali Monalisa, mayi amene anatsegula shopu ya fotokope moyandikana ndi shediyo. Anawayang'ana akuwerenga, n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, bukulo mukuliyambira kumapeto."

"Mayi, ine ndinayamba kuwerenga inu musanabadwe."

"Taonani manambala a masamba. Mwayambira pa 190, mukutsika."

"Manambalawo ndinawaona. Ndimayesa akundiuza masamba otsala."

A Gilford sanaoneke pabenchi milungu iwiri. Atabwera anakhala pansi mwakachetechete ngati munthu wochokera kuchipatala.

"Che Abdullah, anthu aja tinkati achira aja, anafa."

"Onse?"

"Onse. Ngakhale wa ndevu uja."

"Ndiye kuti zaka zitatu mwakhala mukutinamiza."

"Sindinaname. Ndinanena zimene ndinaona. Kungoti ndinkaziona pobwerera."

Monalisa yemweyo ndi amene anafufuza pa intaneti n'kupeza kuti nkhaniyo sinathere pa mabuku asanu ndi anayi aja. Inali ikupitirira, chaputala chimodzi mlungu uliwonse. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankasindikiza masamba atsopano, ndipo Che Abdullah akamachokera kumzikiti ankapeza a Gilford atakhala kale, mapepala ali pamiyendo, nkhope ili ngati ya woweruza milandu.

Che Abdullah ankanena kuti nkhaniyo alibe nayo ntchito. Chimene ankayang'ana ndi chitseko, poti ndiyo ntchito yawo. Tsiku lina anasuzumira n'kunena kuti malinga ndi mmene mahinjesi anajambulidwira, chitsekocho chimatsegukira m'kati.

"Kunja," anatero a Gilford.

"Achimwene, ndakhoma zitseko zaka makumi atatu."

"Mnyamata uyu akadzafika n'kugogoda, wa m'nyumbamo adzabwera akuthamanga. Munthu wothamanga amakankha, sakoka. Chimatsegukira kunja."

"Ine ndikunena za mahinjesi, inu mukunena za mtima."

Mkangano umenewu unatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo palibe amene anasunthapo phazi.

Chodabwitsa n'chakuti chitseko cha nyumba ya a Gilford chinathyoka mahinjesi kalekale. Anachimanga ndi waya, moti polowa unkayenera kuchinyamula kaye ngati ukuchipepesa. Akazi awo, mayi Eness, ankati, "Bambo a Tiwale, chitseko cha ku Japan mwachisenza zaka zonsezi, cha pano chikungokuyang'anani." Che Abdullah anadzipereka kangapo kuti akachikonze. A Gilford ankakana.

"Mukachikhoma chotsegukira m'kati kuti muwine mlandu pakhomo panga. Tidikire chigamulo."

Wolemba nkhaniyo a Gilford ankamutchula kuti mnzathu uja, ndipo ankamudzudzula ngati mlamu waulesi. Ankati amajambula bwino koma sadziwa kumaliza zinthu. Umboni anali nawo. Ndewu ina ya m'nkhanimo inayamba mwana wawo Tiwale ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Mwana anabadwa, anabatizidwa, anayamba kukhala pansi, ndewu ikadali pa chibakera chachitatu. Ankatinso mnzathu uja amawonjezera anthu ngati minibasi ya Area 25, osatsitsa ngakhale mmodzi. Anamulembera kalata ya masamba anayi yomulangiza njira yachidule yofikira kunyumbako. Pa envulopu analemba kuti Wolemba Nkhani ya Chitseko, Japan. Yankho silinabwere, ndipo iwo ankati n'chifukwa cha manyazi.

Koma wina ayerekeze kunyoza nkhaniyo. Mphunzitsi wina wa ku Chinsapo, akudikira mpando wake pashedi, ananena kuti nkhaniyo yatalika mopanda nzeru, ingosiyidwa.

"Mwayamba liti kuwerenga, aphunzitsi?"

"Chaka chatha, pafoni. Ndinamaliza zonse m'miyezi iwiri."

"Inu mwameza, simunadikire. Amene sanadikire Lachisanu alibe mpando pamlandu uno."

Chimene Kawale sadzaiwala chinachitika mu 2014. M'nkhanimo munali nkhalamba yonyamula nyali imene inkayenda patsogolo pa mnyamatayo kuyambira m'mabuku oyamba aja. Lachisanu lina nkhalambayo inagwera m'phompho n'kufa. A Gilford anapinda mapepala n'kunyamuka osatsanzika. Loweruka m'mawa anthu anadzuka n'kupeza masamba a mitengo atayalidwa pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba yawo, monga timachitira pakagwa maliro.

Magalimoto anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Akabaza ankatsika panjinga n'kumakankha. Amayi anamanga zitenje n'kubwera ndi mbale za ufa, ena nkhuni pamutu. Anapeza a Gilford atakhala pakhonde, atavala jekete yakuda. Mkulu wa mpingo wawo anakhala pambali pawo n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Watisiya ndani?"

"Afunseni eni maliro," anayankha mayi Eness ali m'nyumba.

"Mkulu wina," anatero a Gilford. "Ndayenda naye zaka khumi ndi chimodzi."

"Pepani. Thupi lili kuti?"

A Gilford anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala.

Tsiku limenelo analizungulira dera lonse kubweza ufa khomo ndi khomo, ndipo pakhomo lililonse analandira mawu ake. Che Abdullah, amene anatseka shedi n'kuthamanga akuganiza kuti amene amwalira ndi mayi Eness, sanawalankhule masiku anayi. Patapita zaka ziwiri nkhalamba ija inatulukiranso m'nkhanimo ili moyo, nyali ili m'manja. Inali itagwira muzu wa mtengo. A Gilford anakwiya kuposa tsiku lina lililonse.

"Ine ndinayala masamba pamsewu. Munthu akafa azifa."

Analengeza kuti asiya kuwerenga. Anasiyadi, kuyambira Lachisanu limenelo mpaka Lachisanu lotsatira.

Atapuma ntchito ku Kanengo, matenda a shuga anayamba kuwadya maso. Poyamba Monalisa ankakulitsa zithunzi, chimodzi kudzaza pepala lonse. Kenako ngakhale zimenezo sizinathandize. Ntchito yowerenga inagwera Che Abdullah, munthu uja analibe nayo ntchito nkhaniyo. Chizungu chawo chinali choyenda ndi ndodo, ndipo zithunzi ankazifotokoza ngati kalipentala.

"Pano pali anthu atatu m'nyumba. Dengali ndi lamatabwa, koma phaso lake silingathe dzinja limodzi."

"Siyani denga. Akumenyedwa ndani?"

"Wamfupiyo. Amuponyera patebulo. Tebulo labwino, la mlombwa ngati sindikulakwa."

"Wafa?"

"Tebulo lafa. Iye wadzuka."

Chaka chatha miyendo nayo inakana. Anagonekedwa kuchipatala, kenako madokotala anati abwerere kunyumba. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Che Abdullah anayamba kupita ndi mapepala kunyumbako Lachisanu masana, kunyamula chitseko cha waya chija, kukhala pampando pafupi ndi bedi. A Gilford anali atatha, koma funso lawo linali limodzi: "Wafika?" Ndipo yankho linali limodzi: "Sanafike."

Tsiku lina mayi Eness anaperekeza Che Abdullah mpaka kuseri kwa nyumba.

"Alamu, achimwene anuwa akuvutika. Sadya, sagona. Thupi linatopa kale, koma akukakamira chifukwa cha lumbiro lija. Auzeni kuti nkhani yatha. Saona, sadziwa."

"Mayi a Tiwale, ine sindinanamepo ngakhale za tsiku lomaliza tebulo."

"Ndiye kuti bodza lanu loyamba likadali latsopano. Ligwiritseni ntchito."

Mlungu wonse Che Abdullah anapala matabwa osalankhula ndi munthu. Thabwa lina analipala mpaka linatsala ngati chikuto cha buku. Ankadziwa kuti bodza ndi tchimo, ankadziwanso mmene mnzawo ankapumira. Lachisanu atachoka kumzikiti anatenga masamba kwa Monalisa, n'kupita. Mayi Eness anali atapereka tiyi, n'kuima pakhomo la chipinda.

"Wafika?" anafunsa a Gilford.

"Lero wafika."

A Gilford anatembenuza mutu. Che Abdullah anakhosomola n'kuyamba. Anati mnyamatayo wakwera phiri lalitali, pamwamba pake wapeza nyumba yamiyala yopanda chitseko. Wayeza felemu ndi dzanja, yakwana ndendende. Watsitsa chitseko kumsana, mahinjesi alowa popanda kukhoma kawiri. Waima panja, wagogoda. M'katimo mwamveka mapazi a munthu wothamanga, ndipo mayi ake akankha chitseko n'kumugwera m'manja.

Mayi Eness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Chatsegukira kunja?" anafunsa a Gilford.

"Kunja."

"Ndipo inu mwavomera?"

"Ndavomera."

"Che Abdullah, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu simunavomerepo kanthu. Chimenecho n'choyamba. Chachiwiri, mnzathu uja kukwera phiri lokha kumamutengera miyezi isanu ndi umodzi. Inu mwakwera phiri, mwapeza nyumba, mwakhoma chitseko, tiyi wanga asanazizire. Chachitatu, simunatembenuze pepala ngakhale limodzi. Maso ndilibe, koma makutu ndili nawo."

Che Abdullah anayang'ana pansi.

"Mwakhala zaka zonsezi osanama, ndimayesa n'chifukwa cha kupembedza," anapitiriza a Gilford. "Kani simutha kunama. Werengani zenizeni."

Che Abdullah anatsegula mapepala, kuyambira kumbuyo monga mwa lamulo lake. Chaputala chonsecho mnyamata ndi anzake ankakangana za amene anadya nsomba yomaliza. Nkhalamba ya nyali inkakana, mchira wa nsomba ukuonekera m'thumba mwake. Chitseko chinaoneka pachithunzi chimodzi chokha, chitatsamira mtengo.

A Gilford anaseka mpaka kutsokomola, mayi Eness n'kuthamanga ndi madzi.

"Ameneyo ndiye mnzathu uja," anatero atapuma. "Machaputala 940, akulimbana ndi nsomba." Anabweza kapu ya madzi. "Ndamuzindikira tsopano. Akudikira kuti ndife kaye, ndiye amalize. Akuopa zimene ndinganene. Ndimupatse mpata."

"Nanga lumbiro lija?"

"Ndinalumbira kuti ndidzaona mapeto. Ndi maso ati? Lumbirolo linafa kale, limangosowa wolengeza." Anafufuza ndi dzanja mpaka anagwira mkono wa mnzawo. "Nkhani yanu ija musaitaye. Uja akadzalephera, tidzagwiritsa ntchito yanu."

Madzulo amenewo anapempha phala n'kumaliza mbale yonse. Anamwalira Lachiwiri m'mawa.

Masamba atayalidwa pamsewu, wakabaza woyamba kufika anatsika panjinga, n'kuyang'ana nyumba, n'kufunsa mayi wina kuti, "Awa ndi enieni, kapena a m'buku?" Mayiyo anayankha kuti ndi enieni. Wakabazayo anavula chipewa. Amayi ena anabwera ndi ufa koma anayamba asuzumira kaye, mbale zili kumbuyo.

Pa tsiku lonyamula thupi kupita kwawo ku Ntcheu, bokosi linakana kutuluka. Chitseko cha waya chija sichinkatseguka mokwanira. Amuna anayesa kupendeketsa bokosi, amayi n'kukuwa. Che Abdullah anatulutsa pulayala m'thumba, anadula waya, ndipo poti panalibe poika chitsekocho m'khamumo, anachibereka kumsana n'kudutsa nacho pabwalo. Kwaya inali pakati pa nyimbo. Woyamba kuseka anali Monalisa, atatseka pakamwa ndi mpango. Kenako mzere wonse wa amayi unagwedezeka mapewa, ndipo mkulu wa mpingo uja anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Che Abdullah sanaseke. Anachitsamiritsa pamtengo wa mango n'kubwerera kukagwira bokosi.

Mayi Eness atabwerako ku Ntcheu anapeza chitseko chitakhomedwa ndi mahinjesi atsopano. Anachikankha, chinakana. Anachikoka, chinatseguka. Anapita kushedi.

"Alamu, chitsekochi chikutsegukira kunja. Mvula idzachiononga."

"Idzachiononga. Ndidzabwera kudzakonza."

"Ndiye mwavomera kuti iwo ankanena zoona?"

"Ayi. Cha m'buku chimatsegukira m'kati. Ichi n'chawo."

Masiku ano ku Kawale makala akakwera amangokwera, palibe wotchula chaputala. Masamba akayalidwa pamsewu palibe amene amafunsa ngati ndi enieni. Anthu amene ankaima pashedi Lachisanu kudzamvera akuluakulu awiri akukangana, tsopano amangopereka moni n'kudutsa. Mnyamata uja akuyendabe ndi chitseko chake, ndipo mphekesera zoti nkhani yatsala pang'ono kutha zikumveka monga zinkamvekera zaka khumi zapitazo.

Monalisa amasindikizabe masamba. Anafunsapo kamodzi ngati aleke, Che Abdullah n'kunena kuti iwo alibe nayo ntchito nkhaniyo, koma si bwino kusiya ntchito pakati. Akachoka kumzikiti amakhala pabenchi, mbali yawo yomwe ija, n'kuwerenga kuyambira kumbuyo, milomo ikugwedera. Chitseko chikaoneka amayandikiza pepala kumaso.

"Mahinjesi akadali m'kati," amatero, atatembenukira kumbali inayo.

Amadikira pang'ono, kenako amanyamuka kukapala matabwa.